Liwu la Chingerezi Limene Linamangitsa a Katongo

Inu ana, ndikulemberani m'Chinyanja chifukwa Chisenga chanu ndi chochititsa manyazi. Mukabwera kuno kwa Kambombo mumadziwa kupereka moni ndi kunena kuti mwakhuta, basi. Ndiye werengani izi mofatsa, mafoni muyambe mwaika pansi.

Sabata yatha Tamara anandiimbira, ati, "Agogo, paja inu mumadzitama ndi Chingerezi. Kusukulu atipatsa liwu lakuti animosity, tanthauzo lake ndi chiyani?" Ine ndinayankha kuti sindikumva bwino, kenaka ndinadula foni. Tamara, foni ija inalibe vuto. Ndinamva bwinobwino. Liwu limenelo ndimalidziwa kuposa aphunzitsi ako. Limatanthauza chidani chachikulu, chija chozika mizu, chakuti munthu ukamuona akubwera panjira m'mimba mumatentha. Ndinaligwiritsa ntchito kamodzi kokha pa moyo wanga, ndipo linamangitsa munthu.

Sukulu ine ndinayamba mochedwa. Inu munayamba mamina ali m'mphuno, ine ndinayamba ndevu zitayamba kumera. Ubwana wanga wonse unathera pa nsanja m'munda wa mpunga, kuingitsa mbalame ndi kuimba zitini kuti njovu zidutse patali. Mng'ono wanga atakula n'kutenga zitinizo, m'pamene atate anati, "Pita, ukaone chimene anzako amakanda pa timiyala tija." Amanena masileti. Zinali zaka za m'ma 1950. Ndinakhala pa benchi limodzi ndi tiana tondifika m'chiuno. Mawondo anga sankalowa pansi pa thabwa lolembera, ndiye ndinkakhala chammbali ngati munthu wodikira basi. Mvula ikadzaza mtsinje, ine ndinali mlatho wa kalasi yonse, wina paphewa, wina kumsana, wina kukhwapa.

Koma mutu unali wabwino, musaseke. Pofika Sitandade 4 ndinali nditaposa zaka makumi awiri, ndipo Chingerezi chinkandikoma ngati uchi. Aphunzitsi athu a Goma anali ndi buku lalikulu la mawu, lopanda chikuto, limene chiswe chinadya kuyambira A mpaka pakati pa mawu oyamba ndi Am. Lachisanu lililonse ankatsegula pamene chiswe chinalekezera n'kutipatsa liwu limodzi lalitali. Tsiku lina analemba pa bolodi liwu lija la Tamara.

"Ili," anatero a Goma, "si la anthu olimbirana chikho cha thobwa ayi. Amenewo mawa agwirizana. Ili ndi la anthu oti wina akadwala mnzake amakondwa. Yotamu, tchula."

Ndinatchula.

"Bwerezanso, usalitafune ngati nzimbe."

Ndinabwereza mpaka linakhala bwino pakamwa. Ndinalikonda chifukwa cha kutalika kwake. Ndinkalinena ndili ndekha panjira, ndinkauza nkhuku, ndinkauza mitengo. Chimene ndinkasowa chinali munthu woti ndimuuze, woti amve n'kudabwa.

Manje ndikuuzeni za a Katongo. Anali Mbiza, wa mtundu wa Abiza, wochokera kutsidya kwa mtsinje wa Luangwa, koma anakhala m'mudzi mwathu kuyambira ndisanabadwe. Ntchito yawo inali kuwolotsa anthu pa bwato. Anali munthu wamfupi, wa chifuwa chachikulu ndi timiyendo towonda, poti moyo wawo wonse ankayenda ndi manja. Inu mumawoloka mitsinje muli m'basi mukudya mabisiketi. Ife tinkakhala pansi m'bwato wosemedwa ku mtengo umodzi, madzi ali m'matako, mvuu ikutiyang'ana, a Katongo akuitukwana ngati mlamu wawo.

Iwo ndi atate anali pa chimbuya. Mwambo umenewu m'tauni mumauona pa maliro pokha, anthu akamapakana ufa kumutu, ndipo mumayesa ndi masewera chabe. Kwathu unali wa tsiku ndi tsiku. Mbuya wako umamutukwana paliponse, umamunamizira chilichonse, umagwira nkhuku yake iye akuona, ndipo saloledwa kukwiya. Koma pakhomo pako pakagwa maliro, iwe sugwira khasu. Amakumba manda ndi iyeyo, amasambitsa mtembo ndi iyeyo, ndipo amakuseketsa mpaka udye. Chinthu chimodzi chokha sungachite, kumuyamikira pamaso pa anthu. Zimenezo ndi zamanyazi, ngati kuvula pamsika.

Mmawa uliwonse a Katongo popita kudooko ankadutsa pakhomo pathu.

"Iwe Msenga, sunafe? Ndinanola khasu dzulo, ndataya nthawi yanga."

Atate ali pa mpando wawo wachikopa ankayankha, "Ndife ine ndisanaone ng'ona itakudya? Pita, ikukudikira, yasala kudya masiku atatu."

"Ng'ona imandidziwa. Iwe ingakulavule, ndiwe wowawa."

A Katongo akandiona ine ankati, "Mwana wa nyani, wadzuka? Mchira ukuubisa bwino m'kabudula wa sukuluyo." Ine ndinkangoseka, poti wamng'ono sabwezera. Ndipo akatero ankandiponyera nsomba youma.

Chaka chimenecho mpunga unachita bwino. Atate anamanga nkhokwe yatsopano kumapeto kwa mudzi, pafupi ndi dambo, n'kuidzaza mpaka pakamwa. Ndiye kunabwera mwezi wa Okutobala, uja wotentha woti ngakhale abuluzi amayenda mothamanga. Loweruka lina masana ndinatenga khasu kupita kudambo kukasaka mbewa. Inu mumachita nkhope mukamva za mbewa, koma mbale wanu Gifiti anadya zinayi chaka chatha atauzidwa kuti ndi timbalame. Kusaka kwake timayamba tatentha udzu kuti mauna aoneke. Akulu ankatiuza kuti moto wotere umayatsidwa mmawa mphepo isanadzuke, ndipo umayamba walambula malire. Ine mwamuna wa Sitandade 4 ndinayatsa masana, osalambula.

Ndinagwira akapuku asanu. Ndikukumba una wachisanu ndi chimodzi ndinamva kumbuyo kukuthetheka mwachilendo. Mphepo inali itatembenuka. Moto unathamanga m'udzu kuposa munthu, unakwera miyendo ya nkhokwe, denga linangoti lawi. Ndinataya mbewa, ndinabisa khasu m'chitsamba, ndinazungulira njira ya kuchitsime, n'kutulukira m'mudzi pamodzi ndi anthu othamanga ndi mitsuko. Ndinathira nawo madzi. Ndinafuula nawo kuti, "Wayatsa ndani?" Mpunga wonse unapsa. Mudzi unanunkha ngati mphika wopserera kwa masiku atatu.

Atate sanalire. Anati mapira alipo m'nkhokwe yakale, tidzafika nawo ku dzinja. Ndipo madzulo omwewo a Katongo anabwera ndi dengu la mpunga wawo, analitula pakhomo n'kunena kuti, "Ndabweretsera nkhuku za pano. Anthu ake asadyeko."

Patapita masiku awiri kunafika mzungu wa ku boma pa ulendo wake woyendera midzi. Nthawi imeneyo ku Chama kunalibe maofesi mukuwaona manjewa. Boma linali kutali kumtunda, kuseri kwa mapiri. Mzunguyo anali mnyamata, watsopano m'dziko muno, wofiira ngati nyama yosenda chifukwa cha dzuwa. Anabwera ndi amtengatenga onyamula hema, tebulo ndi bafa, ndi amesenjala awiri. Mesenjala wamkulu, amene ankamumasulira, anali atatsala kwa Chifunda ndi malungo. Atafunsa ngati pali wodziwa Chingerezi, mudzi wonse unaloza ine. Ndinavala malaya a sukulu, ndinaima pambali pa tebulo lake pansi pa mtengo wa msikidzi, chifuwa chili patsogolo.

Zinayamba bwino. Anawerenga anthu, anafunsa za njovu, anafunsa za zimbudzi. Kenaka anaona chitsa chakuda cha nkhokwe n'kufunsa kuti ndi ya yani, ndipo anatentha ndani.

Atate sanachedwe. Analoza ndi ndodo. "Angakhale ndani? Mbiza uyo! Kuyambira kale amafuna kundipha ndi njala."

A Katongo anaimirira, anadzigunda pachifuwa. "Ee, ndine! Ndipo mawa nditentha nyumba, mwini wake ali m'kati, kuti nsikidzi zithe m'mudzi muno."

Anthu anagwa nako kuseka. Amayi ena mpaka anagwira pansi. Mzungu anandiyang'ana, ndipo ndinamasulira mawu onse monga anatulukira. Iye anakwinya nkhope, anayang'ana anthu osekawo, anayang'ana madala awiriwo. Sanali chitsiru. Anandifunsa pang'onopang'ono kuti ndimve: kodi awa akusewera, kapena pali choipa pakati pawo?

Inu ana, apa ndiye pamene pali nkhani yonse. Sindinasokoneze Chingerezi. Funso ndinalimva, yankho ndinkalidziwa. Koma ndinaona kuti ndikanena kuti akusewera, funso lotsatira likhala lakuti nanga moto unayamba bwanji, ndipo wina akumbukira kuti anandiona ndi khasu. Atate akanandichotsa sukulu tsiku lomwelo. Komanso, ndisakubisireni, liwu lija linali kundiyabwa pa lilime. Mzungu weniweni anali pamaso panga, ndi funso lolowa bwino liwu langa.

Ndinati, "Pali animosity, bwana. Ya zaka zambiri."

Anakweza nsidze. Anati Chingerezi changa ndi chabwino kwambiri, ndipo anafunsa ngati ndingathe kutchula zilembo zake. Ndinazitchula zonse zisanu ndi zinayi osaphonya. Analemba m'buku lake. Mtima wanga unavina, ndikunena zoona, unavina.

Kenaka analankhula ndi amesenjala, ndipo mmodzi anabwera ndi chingwe n'kumanga a Katongo dzanja. Mesenjalayo nayenso anali akuseka poyamba, koma lamulo likatuluka pa tebulo lija panalibe wobweza. Anthu anayesa kuti mzungu walowa nawo masewera.

"Mangani zolimba, amaluma ameneyo!" anafuula atate.

"Ndikukadya buledi ku boma ine," anatero a Katongo. "Iwe tsala uzinyambita phulusa."

Onse ankaganiza kuti akawanyamulitsa katundu mpaka mudzi wotsatira n'kuwabweza. Ine ndekha ndi amene ndinkadziwa zimene zalembedwa m'buku.

Tsiku linapita, awiri, sabata. Bwato unangokhala pamchenga. Anthu ankafika kutsidya n'kumakuwa mpaka mawu kutha. Mmawa pakhomo pathu panali zii. Atate ankakhala pa mpando wawo kuyang'ana njira ya kudooko, ndipo ankakalipira nkhuku popanda chifukwa. Kenaka kapaso wa kwa mfumu anabwera ndi uthenga wakuti mlandu wotentha nkhokwe ndi waukulu, munthuyo anavomera yekha pamaso pa anthu, ndipo ukaweruzidwa kumapeto kwa mwezi akhoza kutumizidwa kundende yakutali kwa zaka.

Akazi awo a Katongo anabwera pakhomo pathu. Masiku onse ankalowa ndi chipongwe, kunena kuti amayi amaphika ngati akulanga anthu. Tsiku limenelo anakhala pansi pafupi ndi mtondo, n'kupereka moni waulemu. Moni waulemu umenewo unawawa kuposa kutukwana kulikonse. Atapita, atate anandiitana.

"Yotamu, mzungu uja unamuuza chiyani?"

"Zimene munanena, atate."

"Nanga kuti timaseka sunamuuze?"

Ndinayang'ana pansi.

"Nyamula Chizungu chakocho. Mawa tikuyenda."

Ulendo wa ku boma unali wa masiku asanu pansi. Inu mukakwera njinga kupita ku Chama kokha mumabwera mukudandaula msana. Ife tinanyamula ufa wa mapira, nsomba zouma, mphika waung'ono, nkhwangwa ndi chikho. Atate anawonjeza mpukutu wa fodya. Nditawayang'ana anati, "Si wake. Ndikufuna ndikasute iye akuona." Atate sankasuta fodya.

Mukhoza kuganiza kuti unali ulendo wachisoni, koma ayi. Titangochoka m'mudzi atate anatsitsimuka, poti manje anali ndi chochita. Tinkanyamuka kukangoyera, dzuwa likafika pamutu tinkagona pansi pa mitengo, likapendeka n'kuyambanso. Madzi tinkafukula mumchenga wa mitsinje youma. Tinkatola malambe n'kumamung'unya panjira. Tsiku lachiwiri njovu zinatitsekera njira kwa nthawi yaitali, ndipo atate anakhala pa chulu n'kumazipatsa mayina a abale a a Katongo, iyi ndi azakhali ake, iyo ya khutu long'ambika ndi apongozi ake. Njira yonse ankakonza zokamutukwana. Ankayesa chipongwe china, n'kundifunsa, "Chimenechi chimubaya?" Ndikati ee, ankati, "Ayi, n'chofewa," n'kuyamba china.

Tikukwera mapiri ndinalimba mtima. "Atate, kumene tikupitaku mukanene kuti a Katongo ndi bwenzi lanu. Mukanene poyera. Apo ayi satuluka."

Anaima, anatsamira ndodo. "Pamaso pa anthu? Iye akumva?"

"Ee."

"Ndiye adzandiseka mpaka m'manda. Iwe sukulu yakuwononga."

Usiku uliwonse ndinkati mawa ndiwauza za moto. Mmawa ukafika ndinkati tiyambe tawoloka phiri ili. Mapiri anatha.

Ku boma ndinaona koyamba nyumba za njerwa zofoleredwa ndi malata, ndi mbendera pa mtengo wautali. A Katongo tinawapeza akutchetcha udzu kuseri kwa maofesi pamodzi ndi ena odikira milandu. Anali ataonda, ndipo mapazi anali otupa, okulungidwa m'nsanza. Munthu wa m'bwato anayendetsedwa masiku ambiri pa miyala yotentha. Atatukula mutu n'kuona atate, chikwakwa chinagwa m'manja. Ndinaganiza kuti alira.

"Wadzaba chiyani kuno, iwe Msenga? Kuno akuba amamanga."

"Ndadzaona ngati galu wanga akumudyetsa bwino. Ndikuona akuwononga chakudya."

"Buledi tsiku lililonse. Iwe sungamudziwe, ungamuyese sopo."

Atate anawaponyera fodya uja. "Ndinatola panjira. Ananyowa ndi mkodzo wa fisi, ndiye ndinati akuyenera iwe." Kenaka anatembenuka n'kumapukuta m'maso, ati fumbi la pa boma ndi loipa.

Ine a Katongo sanandiyang'ane. Sananditchule mwana wa nyani. Anangondidutsa ndi maso ngati chitsa.

Mawa lake tinalowa mu ofesi ya mzungu uja. Ulendo uno womasulira sanali ine. Anali kalaliki wachikulire, Mngoni wa magalasi ndi tayi. A Katongo anawaimika pakhoma. Mzungu anafunsa atate kuti, munthu uyu ndi mdani wanu kapena bwenzi lanu?

Atate anayang'ana kudenga. Anayang'ana pansi. Anayang'ana a Katongo, amene anali atayamba kale kumwetulira podikira kuti amve.

"Ndi Mbiza," anatero atate.

Kalaliki anatsokomola. Mzungu anafunsanso kuti, kodi ndiye anatentha nkhokwe yanu?

"Uyu? Angayatse chiyani uyu? Ngakhale moto wa fodya amakapempha kwa mkazi wanga."

"Chifukwa kwanu moto ndi chinthu chokhacho chimene chimapsa bwino," anayankha a Katongo ali pakhoma.

Kalaliki anavula magalasi, mapewa akugwedezeka. Atapeza mpweya anayamba kufotokozera mzungu m'Chingerezi chothamanga chimene ndinangotolako pang'ono. Anamuuza za chimbuya, anamuuza kuti iye mwini ali ndi Mbemba wake wa ku positi ofesi amene amamutcha wakuba ng'ombe mmawa uliwonse. Mzungu anamvetsera. Kenaka anatsegula buku lake, analitembenuza, n'kuloza liwu lija ndi chala. Anandiyang'ana ine. Anati, iwe unandiuza ichi.

Ndinati, "Ndinanama, bwana. Ndinkadziwa kuti akusewera."

Anafunsa chifukwa chake.

"Ndinkafuna mumve kuti ndimadziwa Chingerezi."

Chinali choona, koma theka lokha. Kalaliki anamasulira m'Chinyanja kuti madala amve, ndipo atate anandiyang'ana ngati andiona koyamba. Mzungu sanakhutire. Anati munthu anavomera yekha, ndipo sangamasule womangidwa chifukwa cha nthabwala, pokhapokha mwini nkhokwe anene momveka kuti amamukhulupirira.

Atate anagwira ndodo ndi manja awiri.

"Muuzeni bwanayo kuti atate anga atamwalira, anakumba manda ndi uyu. Mwana wanga woyamba atamwalira, anamunyamula m'manja ndi uyu, ine ndikulephera kuima. Ine ndikadzafa adzandiika ndi iyeyu, iye akadzafa ndidzamuika ndine. Manje mukamutumiza kutali n'kukafera kumeneko, ine adzandiika ndani? Afisi? Ndibwezereni chitsiru changa. Ndilibe china."

A Katongo anali akuyang'ana pawindo. Anati chapansipansi, "Wayesa kundiyamikira koma walephera. Ngakhale zimenezi sutha."

Mzungu anafunsa funso lomaliza, lija ndinkaliopa. Nanga moto unayamba bwanji? Atate anati sakudziwa. A Katongo anapitiriza kuyang'ana pawindo. Maso a mzungu anafika pa ine. Ndinati, "Mwezi uno moto wa m'tchire umayenda wokha, bwana." Anaganiza pang'ono, anatenga cholembera, anadula mzere pa liwu langa, n'kuuza mesenjala kuti munthuyo apite kwawo. Titatuluka panja kalaliki uja anandigwira khutu, ine mwamuna wandevu, n'kulipotokola.

Pobwerera tinayenda masiku asanu ndi awiri chifukwa cha mapazi a a Katongo. Madala awiriwo anatukwanana kuyambira pa mbendera mpaka kuchigwa. Atate anatulutsa zonse zimene anakonza panjira, ndipo a Katongo anali ndi zawo zimene anasunga potchetcha udzu. M'midzi imene tinkapumula anthu ankasonkhana kudzamvera, ena mpaka kutipatsa nkhuku. Sindinaonepo atate akusangalala chotero. Za bodza langa anangonena kamodzi kuti, "Chizungu chako uzikachilankhula kuchimbudzi," basi. Koma a Katongo masiku onsewo sanandilankhule. Ndikawapatsa madzi ankalandira ndi manja awiri mwaulemu, ngati ndine mlendo.

Tsiku lomaliza masana tinafika pa kamtsinje kouma, mudzi uli pafupi. Atate anati atsogola akauze amayi akonze thobwa, "kuti anthu adzaone nyama imene ndagwira." Tinatsala awiri. A Katongo anakhala pamchenga n'kuyamba kumasula nsanza za kumapazi.

"Yotamu."

Anali asananditchulepo dzina langa chibadwire. Ndinagwada.

"Mbewa zija zinali zonona?"

Inu ana, ndinamva ngati mchenga watseguka pansi panga.

"Ndinali m'bwato, ndikubwera kutsidya," anatero. "Pamadzi munthu amaona dambo lonse. Ndinakuona ukuyatsa, ndinakuona ukuthawa. Khasu lako lili m'chitsamba cha mkuyu, likuchita dzimbiri."

Ndinalira ngati kamwana. Nditatha ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene, pamudzi paja kapena mu ofesi, m'malo moyenda ndi chingwe.

"Ine ndimanamizira anthu zabodza. Zoona si ntchito yanga. Komanso bambo wako akanakuchotsa sukulu, ndiye akanatsala ndani wotinamizira kwa azungu m'Chingerezi chabwino chotere?" Anafwenthera fodya pang'ono. "Sindimuuza. Udzamuuza wekha ukadzakhala mwamuna."

Ndinamaliza Sitandade 6. Ndinakwatira agogo anu aakazi, ndinabala makolo anu, ndinamangira atate nkhokwe zambiri. Chaka chilichonse ndinkati ndiwauza tikakolola. Atate anamwalira osadziwa. A Katongo anakumba manda awo, ali nkhalamba yogwa mano, akutukwana mtembo kuti ukulemera ndi ngongole za nsomba, misozi ikutsikira m'ndevu. Atatuluka m'dzenje anandiyang'ana, ndipo ndinapukusa mutu kuti sindinawauze. Nawonso anafa nacho chinsinsi changa. Agogo anu aakazi sadziwa. Inu ndinu oyamba, ndipo ndalemba dala kuti ndisathe kubweza.

Koma tsiku lija pamchenga silinathere m'misozi. A Katongo anayesa kuimirira, anakhalanso pansi, n'kunena kuti, "Mapazi awa anawononga ndi pakamwa pako. Tembenuka, mwana wa nyani. Werama."

Nditamva dzina limenelo mphamvu zinabwerera m'miyendo. Ndinawabereka kumsana. Anali opepuka kuposa tiana ta kusukulu tija ndinkawolotsa. Tinalowa m'mudzi choncho, iwo akundimenya m'nthiti ndi zidendene, akufuula kuti, "Tulukani muone! Boma landipatsa bulu! Bulu wa Chisenga, wodziwa Chingerezi!" Amayi anaimba nthungululu, ana anathamanga pambuyo pathu, akazi awo a Katongo anaponya chitenje m'mwamba n'kuyamba kunyoza thobwa la amayi asanalilawe n'komwe.

Atate anaima pakhomo, manja m'chiuno. "Iwe Yotamu, tula katundu wonunkhayo kudzala, usalowe naye pano!"

Ndinayamba kuwerama kuti ndiwatsitse. A Katongo anandikoka khutu, lomwe lija anapotokola kalaliki, n'kundinong'oneza, "Ndani wakuuza? Zungulira mudzi kawiri."

Ndinazungulira katatu.